Phuma la Goodman Mulepa

Goodman Mulepa anabadwira ku Jenala, ndipo mayi ake ankakonda kunena kuti mwanayu anatuluka azamba asanamalize n'kusamba m'manja komwe. Ankanena moseka, koma bodza panalibe. Kuchokera tsiku limenelo mpaka imvi zinayamba kumera, munthuyu sanaphunzire kudikira kanthu. Mango ankadya aawisi. Chinangwa ankazula chikadali ngati chala. Sukulu analekezera Sitandade 6, osati kuti mutu sunkagwira, ayi ndithu, mutu unalipo. Kungoti aphunzitsi akayamba kubwereza samu kuti ena amve, iye miyendo inkamuyabwa, ndipo tsiku lina anatuluka ngati akukataya madzi, osabwereranso.

Ntchito yomuyenera anaipeza akadali mnyamata, kwa mmisiri wina wa pa Migowi wokhoma madenga. Pamwamba pa nyumba palibe amene amakuuza kuti dikira. Dzuwa likukuwotcha, malata akukuwotcha, mwininyumba ali pansi maso ali kumitambo, ndiye wofulumira ndi amene amatchedwa mmisiri. Goodman ankaluma misomali isanu pakamwa, hamala ili m'manja, n'kumathamanga pamapaso wopanda nsapato. Nyumba imene ena ankakhoma masiku atatu iye ankaimaliza tsiku ndi theka, ndipo sinkadontha. Kumwambako n'kumene anazolowera kuyankhula mokuwa, chifukwa wokupatsira malata ali pansi sangamve zonong'ona. Vuto n'lakuti ngakhale atatsika, ankayankhulabe ngati ali padenga.

Belita anakumana naye akukhoma tchalitchi china kufupi ndi Chiringa. Mtsikanayu anali m'gulu la amayi otungira madzi amisiri. Lolemba Goodman anamupempha madzi akumwa, Lachiwiri anamufunsa dzina, Lachitatu anamufunsira ukwati ali pamakwerero. Belita anaseka mpaka madzi kutayika mundowa.

"Koma achimwene inu, mukuthawa nkhondo kapena?"

"Nanga tidikire chiyani?" anatero Goodman. "Ine ndakuonani, inu mwandiona."

Mwezi usanathe ankhoswe anali atakumana, ndipo Goodman anasamukira kwawo kwa mkazi monga achitira amuna ambiri kuno. Anakhala mkamwini. Abale a mkazi anamulozera malo omanga, namulozeranso munda. Malowo anali a mbumba ya Belita, ndipo ana obadwira pamenepo ndi a mbumba yomweyo. Zake za mkamwini ndi manja ake ndi zimene wagula yekha, basi. Goodman anaumba njerwa, nawotcha, namanga nyumba ya zipinda zitatu, ndipo patapita zaka zingapo anachotsa udzu n'kuikhoma malata, oyamba kunyezimira pamudzi ponsepo.

Tsono apa mumvetse bwino, chifukwa ndi pamene anthu a pamudzipo anasokonezera kwa zaka makumi awiri ndi ziwiri. Pali munthu waukali, pali munthu waphuma, ndipo anthuwa si amodzi. Waukali amalimbana ndi iwe, amafuna umve kuwawa. Waphuma alibe nawe mlandu, iye akulimbana ndi nthawi, iwe wangopezeka waima panjira. Goodman anali waphuma. Sanamenyepo munthu chibadwire, ngakhale mbuzi yomudyera chimanga ankangoikuwiza. Chakukhosi sankachidziwa. Akakukuwira m'mawa, masana ankakubwereka sowo wake ataiwala kalekale. Koma ukamuonera patali, nkhope ili thukuta lokhalokha, mawu ali pamwamba, manja akuuluka, unkati munthuyu amenya wina pompano.

Kuchigayo ankachoka pamzere n'kukanyamulira anthu matumba kuti mzerewo uyende, eniake n'kumati akuwalanda malo. Kumanda, adzukulu akamakumba mozengereza, ankalumphira m'dzenje n'kutsomphola khasu osapempha. Kutchalitchi ulaliki ukatalika, phazi lake linkagunda pansi mpaka benchi lonse kunjenjemera, azibambo n'kumayang'anizana. Ndiye mbiri inamera mizu: mwamuna wa Belita ndi wamtima wapachala, musamuyandikire. Amayi ena ankaopsezera naye ana okana kusamba.

Belita yekha ndiye ankamudziwa. Mwamuna wake akalakwitsa, madzulo ake mayiyu ankamanga chitenje n'kuyenda khomo ndi khomo.

"Sanakwiye, amayi, akungofulumira. Mumukhululukire, ndi chibadwa."

Mawu amenewa anawanena kambirimbiri moti amayi a pamjigo ankachita kumuyeserera. Kunyumba anali ndi nzeru zake. Akaona bamboyo wayamba kuzungulirazungulira pabwalo, ankamupezera chochita: mpini woguluka, mpando wogwedera, khola la nkhuku lobooka. Zikasowa, ankachita kugwedeza dala mwendo wa tebulo kuti mwamuna wake apeze pokhomera. Goodman sanazitulukire zimenezi mpaka kalekale. Ankangodandaula kuti matabwa a masiku ano ndi achabechabe.

Waukali weniweni analipo pamudzipo, koma palibe ankamutchula choncho. Anali a Sitima, mlongo wake wamkulu wa Belita, mwinimbumba, amene mawu awo ankatseka nkhani iliyonse ya pabanjapo. Ankayenda pang'onopang'ono, ankayankhula motsitsa, mawu awiri kenako kupuma. Anthu ankati, "A Sitima ndiye munthu wofatsa." Wofatsa! Akazi awo ankatuluka m'nyumba diso litatupa n'kumati awaluma mavu. Galu wa aneba amene anawadyera mazira anafa patapita miyezi inayi, aliyense ataiwala za mazirawo kupatula iwo. A Sitima kudikira ankakudziwa, ndipo mkwiyo wawo sunkazizira ngakhale papite zaka.

Tsoka la Goodman linali lakuti kayankhulidwe ka alamu akewo sankatha kukapirira. A Sitima akayamba kuti, "Ine ndimaganiza... kuti munda uja... wa kudambo...", Goodman ankalumphira pakati: "Tiugawe pawiri, eee, tamva alamu, tiyeni!" Ndipo nthawi zambiri ankalondola, zomwe zinkangoipitsa zinthu. Pa chinkhoswe cha mwana wa a Ennie, mkulu wake wa Belita, a Sitima anaimirira kuti ayankhule m'malo mwa banja, ndipo Goodman anawamalizira mawu pamaso pa alendo. Anthu anafa nalo phwete. A Sitima anamwetulira nawo n'kukhala pansi. Atabwerera kunyumba, Belita analira.

"Abambo inu, achimwene aja sataya kanthu. Mudzaona."

Goodman anadabwa zenizeni. "Nanga ndalakwa chiyani? Si zomwe amafuna kunena?"

Mwana anachedwa pabanjapo. Zaka khumi zathunthu zinadutsa pakhomo pali zii, anthu akunong'ona, ena akumuuza Goodman kuti akayese kwina. Iye sanapite. Tsiku limene Belita anachira, uthenga unamupeza ali padenga pa Chiringa, ndipo anathamanga wapansi mpaka kuchipatala, njinga ataisiya chifukwa kumasula loko kunkamuchedwetsa. Mwanayo anali wamkazi, anamutcha Aliness, ndipo wina sanabwerenso. Bamboyo anamuimiritsa kuti ayende miyendo isanalimbe, anamugulira yunifomu ali ndi zaka zinayi, ndipo ankati akamupeza akugona ankamudzutsa kuti angomumva akuyankhula. Moyo wake wonse unali pa mwana ameneyu.

Chaka chathachi, mvula itangoyamba, Belita anayamba kutupa miyendo ndi kupuma mobanika. Goodman anamukweza panjinga kupita naye kuchipatala kangapo konse. Kumeneko ankazungulira pamzere, kufunsa anamwino funso lomwelomwelo, mpaka ankamupempha kuti akadikire panja. Anagula mankhwala onse amene anauzidwa, ndi ena amene sanauzidwe. Koma matenda sakhala ndi ntchito zoti mwamuna wa wodwalayo ndi wofulumira. M'mwezi wa Malichi, m'mawa wina dzuwa litangotuluka, Belita anamwalira m'chipinda mwake, a Ennie atamugwira mutu.

Amayi anayamba kubuma. Mwambo wake ngwakuti mwamuna wa malemu amakhala pansi, akuluakulu atumize kaye uthenga kwa amfumu ndi kwa abale akutali, kenako n'kukambirana za bokosi. Goodman anayesa kukhala. Anakhala pakhonde kanthawi, ndipo anaona kuti akapitiriza kukhala afa nayenso. Anadzuka, natenga matabwa amene ankasungira chitseko, n'kuyamba kupala bokosi kuseri kwa nyumba. Uthenga usanawoloke mtsinje, hamala inali itamveka kale. Misozi inkagwera pathabwa, koma ankaona misoziyo ndani? Anthu ankangomva kugogoda. A Sitima anafika, naima, nayang'ana bokosilo nthawi yaitali.

"Mwafulumiratu, alamu," anatero motsitsa. "Ngati... munakonzekera."

Madzulo a tsiku limenelo panalibe woyenda khomo ndi khomo kukamupepesera.

Kuno mkazi akamwalira, mkamwini sachoka nthawi yomweyo. Pamapita miyezi, kenako abale a malemu amakhala pansi ndi ankhoswe kuti amusudzule, kutanthauza kumumasula kuti ukwati watha, abwerere kwawo. Ana sapita naye, amatsala ndi mbumba. Koma nthawi zina, akaona kuti munthuyo ankakhala bwino ndi anthu, amamuuza kuti akhale pomwepo alere ana ake. Goodman ankafuna chimenechi chokha. Ku Jenala kunalibenso kwawo. Mayi ake anamwalira kalekale, munda unali m'manja mwa ana a alongo ake, ndipo ngakhale akanapeza pogona, Aliness akanatsala kuno, mwana wazaka khumi ndi ziwiri, kutali ndi maso ake.

Akuluakulu anamuuza kuti nkhaniyi idzakambidwa anthu akathana ndi nandolo kumunda. Miyezi isanu ndi umodzi! Kwa munthu ngati Goodman chimenechi chinali chilango kale. Koma chilungamo chinenedwe, anayesetsa. Pamisonkhano ankadziluma lilime. A Sitima akamayankhula ankakhalira manja ake n'kuwerama. Kumanda ankaima kutali ndi makasu. Anawonda mpaka anabowola bowo lina palamba. Kuphika kokha ndiye kunamukana, nyemba ankaziphula zikadali gwa.

"Ababa, nyembazi zikanakhalako pamoto pang'ono," ankatero Aliness, akutafuna mwaulemu.

"Idya iwe, zikapsera m'mimba."

Mwanayo ankaseka, ndipo kuseka kumeneko n'kokhako kumene kunkamveka panyumbapo.

Kawiri konse Goodman anapita kwa a Ennie kukafufuza. Ulendo wachiwiri anawapeza akumenya nandolo pabwalo, ndipo sanayankhe n'komwe moni bwinobwino.

"Alamu, mungondiuza. Ndikhala kapena ndichoka? Ine kusadziwaku kukundipha."

A Ennie anaika ndodo pansi. "Alamu, mng'ono wanga asanatisiye anandigwira mkono, akuti mudzamuyankhulire bambo a Aliness, sadziwa kudziyankhulira. Ndinalonjeza. Koma inu mundithandize. Khalani phee. Musachite kanthu, musanene kanthu. Mwamva?"

"Ndamva."

"Kumva kwanu ndimakudziwa ine. Ndati phee."

Tsikulo linafika, Loweruka lina mu Seputembala, kotentha kuyambira m'mawa. Msonkhano unali kwa a Sitima, tsidya la mtsinje, pansi pa mitengo ya mango. Aliness anapita kukathandiza amayi ophika kuseri kwa nyumba. Nkhoswe ya Goodman, msuweni wake dzina lake Dave, anali asanafike kuchokera ku Jenala, ndiye akuluakulu anati ayambe akambirana paokha.

"Tapitani kaye kunyumba, alamu," anatero a Ennie. "Tikuitanani."

A Sitima anadzuka n'kumuperekeza mpaka panjira, zomwe sanachitepo chikhalire. Anaima, nayang'ana tsidya, kumene denga la Goodman linkanyezimira pakati pa mitengo.

"Nyumba ija... munaimanga bwino, alamu. Denga lija... silidontha. Lidzatithandiza."

Goodman sanawamalizire mawu pakamwa ulendo uno. Anawamalizira mumtima, ndipo mtimawo unagwa.

Anafika kunyumba n'kukhala pakhonde. Anadzuka. Anakhalanso. Anafuna chokonza, koma m'miyezi yodikira ija anali atakhoma chilichonse chogwedera panyumbapo, ngakhale chimbudzi anali atachiika chitseko chatsopano. Naini koloko inadutsa, teni inadutsa. Panjira panalibe munthu. Ankamva mawu patalipatali, nthawi zina kukwera, nthawi zina kutsika, ndipo mawu a chimuna ankamveka ngati akupambana. Nkhani yabwino imachedwa chonchi? Akanakhala kuti amulola kukhala, bwenzi atamuitana kalekale. Ndi mmene ankaganizira.

Ndipo panali chinthu chimene iye ankachidziwa kuposa aliyense pamudzipo. Goodman anali atasasulapo madenga ambiri a akamwini osudzulidwa, m'midzi yonse kuyambira kuno mpaka kumalire. Ankadziwa mathero ake. Amene wachotsa malata nkhani isanagamulidwe amapita nawo, chifukwa ndi ake, anagula yekha. Amene wadikira chigamulo amapeza alamu ataima pakhomo, akuti nyumbayi ndi ya ana, musakhudze msomali ngakhale umodzi. Chaka chikamatha, ana aja ali kwa mayi awo aakulu, m'nyumbamo mukugona mwana wa malume ndi mkazi wake. Anaonapo madoda olemekezeka akuchoka pamudzi ndi jumbo lokha m'manja, ndipo iye mwini ankawauza ena kuti, denga limachoka anthu akadali pamphasa.

Malatawo sankawafunira umbombo. Mwini golosale wina pa Chiringa anamuuzapo kuti kuseri kwa golosale yake kuli malo, akhoza kuimikapo kanyumba. Njira ya kusukulu ya Aliness imadutsa pomwepo. Atakhala ndi malata, masiku awiri okha kanyumba kaima, ndipo mwanayo azimuona m'mawa popita, masana pobwerera. Opanda malata, kwatsala ndi ku Jenala. Mumve bwino, munthuyu sanakwiye ngakhale pang'ono. Ankachita mantha.

Anadziuza kuti adikira mpaka thwelofu. Hafu leveni anali ataimika kale makwerero.

Anayambira pamsonga. Msomali uliwonse ankaudziwa, anaukhoma yekha. Ankauzula mosamala kuti bowo lisakule, n'kuuponya m'chitini, lata n'kulitsetserekera pansi mofatsa kuti lisapindike. Ndipo kalanga ine, atangoyamba ntchitoyo mtima wake unakhala pansi koyamba chimwalirire cha mkazi wake. Manja ankadziwa chochita. Thukuta linkayenda, dzimbiri likumulowa m'maso, iye osamva kanthu. Chipinda chochezera chinatseguka, kenako cha Aliness, kenako chawo. Tsidya lija anthu ankalimva phokosolo, koma phokoso la hamala panyumba pa Goodman silinali lachilendo kwa aliyense.

Cha m'ma thu koloko, ali ndi lata lomaliza m'manja, anaona anthu akuwoloka mtsinje. Sanatume munthu kudzamuitana, ankabwera okha, gulu lonse. Patsogolo panali a Ennie, lichero la ufa lili pamutu. Pambuyo pawo amayi ena, mmodzi atanyamula nkhuku, kenako Dave akukankha njinga, ndipo kumapeto kwenikweni a Sitima. Aliness anali atawapitirira onse, akuthamanga, akukweza dzanja. Atafika pamene mitengo imathera anaima chilili, dzanja lija likadali m'mwamba.

A Ennie anatula lichero pansi osayang'ana pomwe akuliika.

"Mayo ine! Alamu, mwachita chiyani?"

"Ndangochotsa zanga zokha!" anayankha Goodman ali pamwambapo, mawu ake akufika mpaka kumtsinje. "Njerwa ndasiya, zitseko ndasiya, mapaso ndasiya! Palibe cha munthu chimene ndatenga!"

Iye ankafotokoza chabe. Koma kwa anthu oima pansi, akuyang'ana munthu wakuda ndi dzimbiri, maso ofiira, hamala m'manja, akukuwa pamwamba pa nyumba yopanda denga, kumeneko sikunali kufotokoza. A Ennie anakhala pansi pafumbi n'kugwira mutu.

"Tagwirizana kuti mukhale," anatero. "Nkhani inatha thwelofu isanakwane. Timangodikira ankhoswe anuwa, tayala linawaphulikira pa Migowi. Nanga tikanakuuzani bwanji ankhoswe palibe? Tinati tibwere tonse tidzakuuzireni pakhomo panu, mwaulemu."

Goodman sanadziwe mmene anatsikira. Munthu wothamanga pamapaso ngati pabwalo anaphonya makwerero awiri omaliza n'kugwa chagada. Anadzuka, nakwawa, nagwada pamaso pa anthuwo.

"Ndikhomanso. Pompano. Dzuwa lisanalowe likhala litatha. Misomali ili m'chitinimu, mabowo ndi omwewo, palibe chawonongeka. Ndapota nanu, mungondipatsa maola atatu."

Onse ankayang'ana a Sitima, amene ankazungulira nyumbayo manja ali kumbuyo. Anasuzumira pawindo lililonse. Anaima pa malata osanjidwa aja, nawagunda ndi chala chakuphazi. Kenako anabwerera pakati pa anthu, ndipo anayankhula mwa kayankhulidwe kawo komwe kaja.

"Ine ndinanena... m'mawa uja... kuti munthuyu ndi waukali. Munandikanira. Amayi inu nonse... munandikanira. Ndinagonja." Anapuma. "Lero wasasula denga... la mwana wamasiye. Mawa akadzakwiya... adzasasula chiyani?"

Goodman ankadziwa kumene mawuwo akupita, ndipo anangowerama.

"Malata ndi anu, alamu. Tengani. Dzuwa la mawa... lisakupezeni pano. Ndipo mwanayu... asadzapondeko kumene muli."

Dave anayesa kuikapo mawu, akuti munthu amalakwa, tiyeni tikhalenso pansi. Amayi aja anali atayamba kale kutembenuka, wankhuku uja ataipanira m'khwapa. Goodman anayang'ana a Ennie.

"Alamu, inu mukundidziwa. Auzeni."

A Ennie ankalira tsopano, kulira kwa munthu wotopa. "Ndayankhula kuyambira m'mawa mpaka kukhosi kuuma. Ndinati munthuyu si waukali, ndi phuma chabe. Pamene hamala yanu imamveka, ine ndimawauza kuti tamverani, ngakhale lero akukonzera mwana wake nyumba. Ndinatero ine, ndi pakamwa pangapa! Anandimvera. Tsopano ndiwauze chiyani, alamu? Ndiwalozere chiyani? Ndinakuuzani kuti khalani phee."

Aliness anachoka pamene anaima paja. Anadutsa pambali pa bambo ake n'kulowa m'nyumba. Dzuwa linkawomba pabedi pa mayi ake, dzimbiri ndi zinyalala za padenga zili mbwee pabulangeti. Anakung'untha makope ake limodzilimodzi, napinda yunifomu, naika zonse m'chikwama. Anachedwa m'menemo, ndipo aliyense panja ankamva akufwenthera. Atatuluka, Goodman anamutchingira akadali chogwada, mawu akutuluka mopikisana.

"Aliness, mwanawe, tamvera, ine ndimafuna ndikamange pa Chiringa, panjira ya kusukulu, kuti iwe podutsa, kuti tizionana, ndimaopa kuti andilanda, ndimaopa..."

Mwanayo anakumbatira chikwama chake pachifuwa.

"Ababa, ndinakulakwirani chiyani kuti mukwiye chonchi? Ine ndimathamanga kudzakuuzani."

"Sindinakwiye! Sindinakwiye, mwana wanga!"

Anakuwa, chifukwa mawu ena analibe. Aliness anadzidzimuka n'kubwerera m'mbuyo, ndipo a Ennie anamugwira dzanja n'kumukokera kumbuyo kwawo. Wina anatola lichero lija. Anthu anayamba kubwerera kumtsinje mmodzimmodzi, a Sitima ali kumapeto, ndipo mwanayo sanacheuke.

Goodman anatsala atagwada pabwalo, pambali pa malata ake osanjidwa bwinobwino, opanda lopindika ngakhale limodzi.